Khangaza la Aphunzitsi Miti

Amuna anga, a Alfonsi Miti, anali munthu wosatha kuona chinthu chachilendo n'kungochisiya. Akachiona lero, mawa ana a sukulu achidziwe basi. Khalidwe limeneli ndi limene linatsala pang'ono kundipha ine Ketilina, ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba.

Zinali zaka za Chitaganya, ansembe atatitumiza ku kasukulu ka kumudzi cha ku Chipangali. Ine kwathu n'ku Kapata, m'tauni, ndipo amayi anga anali atamwalira kale. Kumudziko ndinalibe wanga ngakhale mmodzi. Chipatala chinali kutali, mtunda woti mayi wodwala matenda a uchembere sangauyerekeze. Choncho moyo wanga ndi wa mwana wanga unali m'manja mwa amayi a m'mudzimo, makamaka aNasakala, namkungwi wamkulu, amene analandira ndi manja awo pafupifupi mwana aliyense wa pa sukulupo.

ANasakala anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wosaseka wamba. Koma ine anandilandira bwino, ndisaname. Mimba itaonekera anandichitira chisamba, mwambo wolanga mkazi wa mimba yoyamba. Tili m'nyumba, chitseko atatseka, anavundukula lichero n'kundionetsa chinthu china chimene anali ataumba pansi, chimene mwamuna saloledwa kuchiona mpaka kufa kwake. Tanthauzo lake sindinena, ngakhale ndakalamba chonchi. Ndingoti n'chozungulira, chili ndi kakamwa kumtunda, m'kati muli tizipinda todzaza timadontho tofiira, mizere yoyera ndi pakuda pang'ono. Anandigwira khutu n'kunena kuti, "Ukadzauza mwamuna wako zimenezi, pa tsiku lako udzaona wekha."

Ndinalumbira, ndipo ndinasunga.

Tsiku lina a Miti anapalasa njinga kupita ku Boma kukatenga choko. Pobwera anafika akumwetulira ngati atola kanthu, dzanja lili m'thumba la jekete.

"Mayi, tanenani, ichi n'chiyani?"

Chinali chipatso cholimba ngati dzaye, chofiirira, chokhala ndi kachipewa ka mano kumutu. Ndinkaziona zili mumtengo kuseri kwa mipanda ya amwenye ndili mtsikana, koma m'kati mwake ndinali ndisanaonemo.

"Khangaza limeneli," iwo anatero. "Lomwe lija timalimva m'Malembo. Wandipatsa mmwenye wa sitolo. Ana atopa n'kujambula mango ndi nthochi, mawa ajambula ili."

Nkhuli ya mimba inandigwira pompo. Ndinawapempha kuti adule ndilaweko kanjere kamodzi kokha.

"Ayi mayi, ili ndi la phunziro. Likauma ana adzaona chiyani?"

Ha! Akanangondidulira pakhonde pomwepo, ndikanaona ndi maso anga, ndipo bwenzi nditaliponya m'chimbudzi. Koma ayi, la phunziro.

Nyumba yathu inali pafupi ndi sukulu, pakati panali mpanda wa udzu wokha. M'mawa mwake ndinakhala pakhonde ndikuswa mtedza, ndipo ndinkamva zonse ngakhale sindinkaona. Masileti analipo ochepa, ana aang'ono ankalemba pansi ndi chala, motero a Miti anawatulutsa onse pabwalo.

"Aliyense asese malo ake. Yambani ndi mkombero, waukulu, musaumire dothi. Luka, limenelo ndi dzira, si khangaza, fufuta. Pamwamba ikani kachipewa, mano ake asongoke. Mwatha? Tsopano ndikulidula pakati. Bwerani pafupi, osakankhana. Mukuona chiyani?"

"Mano ofiira!" anakuwa mwana wina, ena onse n'kuseka.

"Ndi njere zimenezo. Taonani, sizinangomwazika ayi, zakhala m'tizipinda, ndipo pakati pa tizipindato pali timakoma toyera. Jambulani zimene mukuona, osati zimene mukuganiza."

Kenaka ndinamva akuwagawira ntchito. Ena akatape katondo kudzenje kuti akhale njere. Ena akatenge phulusa la timakoma toyera. Ena makala a kachipewa, poti kanali katada. Ndipo popeza kunali mphepo, anawauza kuti awaze madzi, aumbe m'mphepete mokweza pang'ono kuti chithunzi chisafufutike.

Katondo, phulusa, makala. Ndinaleka kuswa mtedza, koma ndinati ndi maganizo chabe a munthu wapakati. Ndinatenga mtsuko n'kupita kuchitsime ndi Emma, mnzanga woyandikana naye nyumba, ndikumva ana akuimba kumbuyo kwanga.

Kuchitsime tinapeza aNasakala ndi amayi ena, ndipo tinabwerera limodzi. Njira yochokera kuchitsime inkadutsa pabwalo la sukulu penipeni. Titangotulukira pa ngodya ya mpanda, amene anali patsogolo anaima zii, ife a m'mbuyo n'kutsala pang'ono kuwagunda.

Mayo ine! Bwalo lonse linali litadzaza. Mizere mizere, kuyambira pakhomo la sukulu mpaka pa mtengo wa belu, chinthu chija cha pansi pa lichero chili pambalambanda dzuwa likuswa mtengo. Osati chimodzi. Chilichonse ndi kakamwa kake, tizipinda take, timadontho take tofiira. Pakati panali chachikulu ngati mphasa, choumba aphunzitsi eni ake. Ndipo atanjuta pamenepo, zala zili m'kati, anali ana aamuna, ena a ndevu zoyamba kumera.

Emma anagwira pakamwa. Mayi wina anakokera nsalu kumaso n'kutembenuka.

"Agogo! Agogo, taonani langa!" anafuula mdzukulu wa aNasakala, akuloza pansi monyadira, manja ali psuu ndi katondo.

Mtsuko wa aNasakala unagwa, phwaa, madzi n'kuyenderera m'mapazi mwathu.

A Miti anabwera akupukuta manja, nkhope ili ngwee. "Pepani mtsuko, amayi. Koma mwaona ntchito ya ana anu? Ngakhale m'masukulu a ku Boma sangajambule chonchi."

"Chotsani anawa," anatero aNasakala. "Ndati chotsani anawa pano!"

Ana anabalalika. Amayi anatula mitsuko n'kuyamba kupondaponda bwalo lonse, akufufuta ndi mapazi, ena akuthira madzi amene anavutika nawo kutunga. A Miti anangoti kukamwa yasa, akuyang'ana uku ndi uku. Atatha, aNasakala anatembenuka n'kundiyang'ana ine, kuyambira kumaso mpaka pamimba.

"Iwe," anatero. Mawu awo anali omwewo basi.

Kunyumba a Miti sanakhale pansi. "Ndalakwa chiyani? Mayi, inu munali nawo, tandiuzani. Kodi ndi zovala za ana zada? Kapena akuti ndawononga bwalo?"

"Musadzajambulenso chinthu chimenecho, bambo."

"Chifukwa?"

"Ndangoti musadzajambulenso."

"Chipatso? Chipatso chodya?"

Amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Ife tinali awiri ndithu, koma ine pakamwa panali pomanga. Ndikanati ndiwafotokozere, ndiye kuti ndachita chomwecho chimene ankandinamizira. Ndinapsa mtima, ndinawakalipira za nkhuni zimene sanawaze, iwo n'kutuluka akupukusa mutu.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinapita kwa aNasakala, n'kugwada pakhomo ndi chimimba changa.

"Amayi, ine sindinanene kanthu. Ndi chipatso cha ku Boma, amuna anga anangojambula mmene chilili m'kati."

"Chili kuti chipatsocho?"

Chinali kuti? Ana anali atagawana njere zonse pomaliza phunziro, makoko n'kudya mbuzi.

"Ine ndakalamba m'dziko muno," anatero aNasakala, "zipatso za m'tchire ndi za m'dimba ndadya zonse. Chipatso chanji chimenecho chimene chimabala mwambo wathu m'kati? Mwezi sunathe chikuonetsere, lero mwamuna wako akuumba pabwalo, mitundu yake yomweyo, ndi ana aamuna. Ukundiyesa mwana? Vomera kuti unamuuza pamphasa. Ubweretse nkhuku, tikulange, nkhani ithe."

"Ndivomere chimene sindinachite?"

"Ukapanda kuvomera, m'chikuta mwako simulowa munthu."

Ine ndinabadwa ndi mtima wouma, amayi anga ankanena. Ndinadzuka movutikira, n'kusasa fumbi m'maondo. "Nkhuku ndili nazo, amayi, koma bodza ndilibe." Ndinabwerera kunyumba ndikulira ndi ukali, komanso ndi mantha, poti ndinkadziwa kuti aNasakala sabweza mawu.

Tsono tamvani zimene anachita amuna anga ophunzirawo. Anakhala pansi n'kuganiza okha, osafunsa munthu, n'kupeza yankho lawo: amayi akuyesa kuti zojambula zija ndi zamankhwala, zolodzera ana. Safunsa anadya phula. Loweruka analawira m'mamawa pa njinga osandiuza kumene akupita, ndipo anabwera jekete litatupa thumba. Ine sindinaone, ndinali gone ndi msana.

Lamulungu tinkapempherera m'sukulu momwemo, amuna mbali iyi, akazi mbali iyo. Mapemphero atatha, anthu asanadzuke, a Miti anaimirira kutsogolo.

"Abale anga, pali kusamvana pang'ono pa za phunziro la ana. Ndikufuna aliyense aone yekha kuti palibe choopsa."

Anatulutsa khangaza lina, n'kulidula ndi mpeni, n'kukweza mapande awiriwo m'mwamba. Ine ndinafuula kuti, "Bambo!" koma iwo anali atatembenukira kale kubolodi. Choko chinalira. Mkombero. Kakamwa. Tizipinda. M'nyumba ya Mulungu, pamaso pa amuna a mudzi wonse!

Kalanga ine, mbali ya akazi inaphulika. Mabenchi anagwa, ana akumbuyo analira, amayi akupanikizana pakhomo nsalu zili kumaso. Anyamata ankaseka osadziwa chimene akuseka. Madoda ena achikulire, amene anaganizira kuti nkhaniyi ndi ya kuchikazi, anangozolika n'kumayang'ana zala za kumapazi. A Miti anathamangira aNasakala ndi phande la khangaza m'manja.

"Amayi, tangoyang'anani! Tangolawani njere imodzi!"

ANasakala anayang'ana kumbali n'kudutsa. Akanaliyang'ana bwanji? Kuliyang'ana n'kunena kuti inde lafanana, ndiye kuti auza amuna onse aja chimene lafanana nacho. Emma yekha ndiye anaponyako diso podutsa. Tsiku lotsatira anandinong'oneza kuseri kwa nkhokwe kuti, "Ketilina, ndaliona. Ndi momwemo ndithu, mpaka thupi langa linachita tsembwe. Koma ndinganene kwa yani? Apongozi anga angandidye."

Kuchokera pamenepo ndinasanduka mlendo weniweni. Kuchitsime ndikafika nkhani zinkatha. Moni ankayankha ndi mphuno. Ndinapempha a Miti kuti andiperekeze ku Kapata kwa azakhali anga, iwo anavomera kuti sukulu ikangotsekera tipita, poti masiku anga tinkayesa kuti akadalipo. Mwana sanadikire sukulu.

Matenda anandiyamba m'mawa, anthu atapita kokumba mtedza, a Miti ali m'kalasi. Poyamba ndinati ndi msana wa masiku onse. Dzuwa litakwera ndinapezeka ndagwira mzati wa nyumba, madzi akutsika m'miyendo. Ndinaitana Emma, iye anangondiona kamodzi n'kuthamangira kuminda.

Amayi anabwera. Ndinamva mapazi ambiri panja, mtima wanga n'kukhala pansi, ndinati Mulungu ngwabwino, andikhululukira. Koma chitseko sichinatseguke. Ndinasuzumira pa mng'alu: amayi anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, miyendo atatambasula. ANasakala okha ndiwo anafika pakhonde, ali ndi kansalu kawo komangamo zipangizo.

"Ketilina, tabwera. Nena mawu amodzi okha tilowe. Unamuuza?"

"Sindinamuuze, amayi! Lowani, ndikufa!"

"Mwana safuna kutulukira pa bodza. Vomera, njira itseguke."

Ululu unandipinda pakati. Ndinaluma nsalu, ndinakwawa pamphasa, ndinaitana amayi anga amene anali m'manda. Utadutsa ndinamvanso mawu aja pachitseko, tsopano ofatsa, ngati onyengerera.

"Mwana iwe, usadzizunze. Ungoti inde."

Ndinkaopa kufa, ndisakunamizeni. Ndinkaopa kuti mwana wanga afera m'mimba chifukwa cha liuma langa. Inde uja anafika pakamwa penipeni. Koma ndikaganiza kuti moyo wanga wonse ndidzakhala Ketilina woulula mwambo, mwana wanga n'kumakula akulozedwa chala, ukali unkandikwera kuposa ululu.

"Sindinanene! Ngakhale mundisiye ndife, sindinanene!"

Kukuwa kumeneko kunamveka mpaka kusukulu. Ndinamva ana asiya kuwerenga, kenaka nsapato zikuthamanga. Mwamuna pa nthawi ngati imeneyi amayenera kukhala kutali, kwa anzake, kudikira uthenga. A Miti anafika pakhonde akupuma mofulumira.

"Amayi, bwanji muli panja? Ndani ali naye m'katimo?"

A Miti anatembenukira kwa namkungwi uja.

"ANasakala, ndikupemphani. Ngati ndinalakwa ndine, ndilipitseni ine. Lowani."

"Bwererani kusukulu, aphunzitsi. Izi si zanu. Mkazi wanu akudziwa chochita."

Ine ndinabuula. Kenaka chitseko chinatseguka, kuwala n'kulowa, ndipo amene anaima pamenepo anali amuna anga, malaya oyera, choko chili m'zala.

Panja panamveka mfuu ngati pagwa maliro. "Walowa! Mayo, mwamuna walowa!" Ine ndemwe ndinachita manyazi oopsa, ndinakokera nsalu n'kukuwa kuti, "Tulukani! Mwapenga kodi? Tulukani!"

"Ndikatuluka alowa ndani?" anatero, n'kutseka chitseko.

Sankadziwa kanthu, wosauka. Anagwada, thukuta lili kamukamu, akuyamba Tikuoneni Maria osamumaliza n'kuyambiranso. Ndinkawauza ndine, pakati pa ululu, zimene ndinalangizidwa ku chisamba: khalani apa, gwirani apa, musakoke. Zimene ndinakana kuulula pamphasa ya chikondi ndinazinena zonse tsiku limenelo mokuwa, amayi akumva panja, ndipo zimene amuna anga anaona zinaposa chithunzi chilichonse cha pansi pa lichero. Ndinawatukwana, ndinatukwana mmwenye ndi mtengo wake, ndinawafinya dzanja mpaka chala chinathyoka, iwo osadandaula.

Dzuwa litapendeka mwana anatuluka, n'kugwera m'manja mwa bambo ake. Anali wamkazi. Anakhala kanthawi ali zii, wotuwa. A Miti anamutembenuza, anamupukuta kumaso ndi malaya awo, akumuitana ngati mwana wa sukulu wogona m'kalasi, "Iwe, iwe, dzuka!" Kenaka kanayetsemula n'kulira.

Panja palibe analuluta.

A Miti anandiika mwanayo pamimba, n'kuyang'ana mchombo, n'kundiyang'ana ine. Pamenepo ine mphamvu zinali zitatha, maso akuchita mdima, magazi akutuluka. Anadzuka n'kutsegula chitseko chonse. Ndinawaona kumsana ataima pakhonde, manja atatambasula, magazi mpaka m'zigongono, malaya oyera aja asanduka ena. Amayi ena anathawa. Ena anagwa chafufumimba n'kubisa nkhope. Emma ankalira mokweza.

Ndipo amuna anga, ndi ulemu wawo wonse wa uphunzitsi, anafunsa kuti, "Pepani aNasakala, mchombo amadula pati?"

 

ANasakala anadzuka pang'onopang'ono. Anadutsa a Miti osawayang'ana, n'kunena chapansipansi kuti, "Kasambeni, aphunzitsi. Musauze munthu zimene mwaona." Analowa, Emma ali pambuyo pawo, n'kutseka chitseko.

Anagwira ntchito yawo mwamsanga. Anamanga mchombo n'kudula, anandisisita pamimba mpaka zotsala zinatuluka, anaimitsa magazi, anasambitsa mwana n'kumufunditsa.  Atatuma Emma kukatenga madzi ena, tinatsala awiri ndi kakhandako. Anakhala pansi pafupi ndi mutu wanga, ndipo ndinaona kuti misozi ikutsika m'makwinya a nkhope yawo.

Ine ukali unali usanathe. Ndi kamawu kotsala ndinati, "Sindinamuuze, amayi."

"Khala chete, ndamva," anatero, akundipukuta pachipumi. "Koma iwe mwana woipa mtima iwe, ukanafa lero. Unkaona ngati ndikufuna chilungamo chako? Ukanangoti inde, ndikanalowa dzuwa lisanafike pamutu. Ine pa mwana wanga woyamba anandiumiriza kutchula amuna amene ndinayenda nawo, ndinatchula atatu, ndisanagwirepo ngakhale dzanja la mmodzi. Onse akhala pansi pa mangowo anavomerapo zimene sanachite. Tonsefe tinanama kuti chitseko chitseguke. Iwe unaona ngati ndiwe yani?"